Chikwama Pamwamba pa Kabati

"Ndafunsa kawiri, bambo. Kachitatu ndifunsa mokweza kuti oyandikana nawo andithandize kumva yankho. Chikwama chili pamwamba pa kabaticho n'cha yani?" anatero mkazi wa a Lumo, tsache lili m'manja.

A Lumo anali atangoviika buledi mu tiyi, ndipo anamusiya momwemo mpaka anasungunuka. Bambowa anali wometa. Dzina la Lumo anawapatsa ndi makasitomala awo, osati chifukwa cha chitsulo chometera ayi, koma lilime. Pa nkhani ya mpira, ya boma, ngakhale ya mabanja a eni ake, panalibe wowaposa mumsewu wonse. Koma m'mawa wa Lolemba limenelo lilime lija linali litabuntha.

"N'cha kasitomala," anatero. "Anaiwala."

"Kasitomala wanji amene chikwama chake chimagona kuchipinda kwathu, kuseri kwa masutikesi? Ndipo chimalira. Dzulo ndikusesa chinalira katatu, ine n'kumayesa nyenje. Ngati n'cha mkazi wina nenani, ndimuyalire pogona."

"Mkazi wanji anganyamule chikwama chakuda, chothothoka zipi?"

"Eee, ndiye kuti mwachiyang'anitsitsa."

Pabalaza panamveka kutsokomola. Anali alamu awo, achimwene a mkaziyo, amene anabwera chaka chatha kudzakhala sabata imodzi ntchito ya ulonda itawathera, ndipo sabatayo inali isanathe. Anasendeza mpando wawo kufupi ndi tebulo, chifukwa mkangano wa m'banja ankaukonda kuposa wailesi.

A Lumo anaona kuti pothawira palibe. "N'cha munthu uja anagwa pamsewu Lachisanu."

Mkazi wawo anatsitsa tsache. "Uja mumatiuza kuti munali woyamba kufika?"

"Ndinali woyambadi. Kafunseni aliyense."

"Munafika n'kutani?"

"Ndinafika."

Nkhani yake inali yotere. Lachisanu masana bambo wina wa imvi pang'ono, wovala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo, anatsika basi moyang'anizana ndi shopu ya a Lumo. Anayenda modzandira, thukuta lili kamukamu, n'kugwa chafufumimba pakati pa shopuyo ndi sitolo ya mankhwala. Palibe amene ankamudziwa. Posakhalitsa anthu anapanga bwalo lokongola, loti ukanaliona ukanayesa pali wina akuvinitsa njoka, ndipo aliyense m'bwalomo anali ndi chifukwa chake chomveka bwino. Wa takisi anati ukanyamula munthu wotere apolisi amati wamugunda ndiwe. Wogulitsa mankhwala anati iye amagulitsa, sapima. Mayi wa nthochi anati ndi khunyu, ukakhudza thovu lake watengera. Mphunzitsi wamkulu, amene anatuluka m'shopu ndi mutu wometedwa mbali imodzi, anati ndi mowa, n'kuyamba kuphunzitsa anthu kuipa komwa masana. Ena ankajambula ndi mafoni. Ndipo onse ankakhulupirira kuti wina waitana kale ambulansi, poti anthu ochuluka chonchi sangaiwale onse.

"Nanga inu chifukwa chanu chinali chiyani?" anafunsa mkazi wawo.

"Ine ndinali ndi mutu wa munthu m'manja. Pa ntchito yathu, mayi, mutu sausiya theka. Kasitomala akayenda mumsewu ali theka, mbiri ya shopu yatha. Komabe ndinatuluka, makina ali m'manja. Ndinaona chikwama chagwera poteropo, ndipo maso a anthu ena sanali pa wodwala ayi. Ndinati munthuyu akadzuka apeza amubera. Ndinachitola n'kukachiika pansi pa kauntala, madzulo n'kubwera nacho kuno. Pa chikhamu chonse chija, amene anachitapo kanthu ndine ndekha."

"Kenako?"

"Kenako ndinamaliza mutu wa aphunzitsi. Panabweranso ina iwiri."

"Ndikufunsa za munthu, sindikufunsa za mitu."

"Pomwe ndimatulukanso anali atapita. Akuti anamutenga a lole ya zinyalala."

"A zinyalala!" Mkaziyo anaomba m'manja kamodzi. "Inde, ndi okhawo anazolowera kutola zimene anthu aulemu akuzilambalala. Ola lathunthu munthu ali padzuwa, amuna a ndevu zawo ataima ngati mitengo ya magetsi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikanakhalapo ine, bwenzi nditamubereka kumsana ngati mwana."

"Mlongo wanga, khala pansi," anatero alamu aja, ndi mawu a munthu amene anayang'anira geti zaka khumi ndi zisanu. "Chifundo chinapha nkhwali. Ine ndaona anthu atalowa kupolisi ngati mboni n'kutulukako opanda lamba. Alamuwa sanalakwe kusamukhudza munthu. Analakwa kukhudza chikwama."

Mkaziyo sanawamvere. Anakwera pampando, n'kutsitsa chikwama chija, n'kuchikhuthula patebulo pakati pa makapu. Munatuluka malaya osita bwino, tinsapato tatsopano ta mwana wongoyamba kuyenda, botolo la chakumwa chotsekemera losatsegula, maswiti odzaza dzanja, ndi kafoni kamabatani. Pomaliza munagwa kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, kolembedwa pamanja ndi zilembo zikuluzikulu, zooneka kuti wolembayo anadekha.

A Lumo ndiwo anawerenga, poti ndiwo ankawerengera anthu nyuzi m'shopu. Anayamba mokweza, n'kumaliza monong'ona.

"Ndili ndi matenda a shuga. Mukandiona ndikudzandira, sindinaledzere. Ndipatseni chakumwa kapena switi zili m'chikwamamu, kenako imbirani mkazi wanga." Pansi pake panali nambala.

A Lumo anaika kakhadi patebulo. Chinthu chimodzi chokha chimene anachita, chimene anakhala akudzitama nacho mumtima masiku atatu, chinali kuchotsa mankhwala pafupi ndi wodwala n'kukawatsekera pansi pa kauntala.

Pamenepo kafoni kaja kanayamba kulira. Kananjenjemera patebulo, n'kumasendera pang'onopang'ono kufupi ndi mbale ya shuga. Pagalasi pake panalembedwa kuti Mayi a Ana.

"Yankhani," anatero mkaziyo.

"Ndinene kuti ndine yani? Yankhani inu, akazi okhaokha mumamvana."

"Ine ndinatola chikwama? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Achimwene, inu mumadziwa kulankhula ndi anthu."

"Ine ndine mlendo pakhomo pano," anatero alamu, kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu.

Atatuwo anaima mozungulira tebulo. Mayi amene akanabereka munthu kumsana uja anali ataika manja onse kumbuyo. Kafoni kanalira mpaka kanatopa kokha.

Tsiku lomwelo a Lumo anatsegula shopu mochedwa. Benchi inali itadzaza kale, ndipo nkhani inali yomweyo. Wa takisi anali atamva kwa mnzake kuti munthu uja ali moyo, ali kuchipatala chachikulu, koma sakulankhula, ndipo papepala la kumutu kwa bedi analembapo kuti wosadziwika.

"Anthu a masiku ano alibe mtima," anatero wa takisi, akuyang'ana kusitolo ya mankhwala. "Munthu kugwa pakhomo pa mankhwala penipeni, osamupatsa ngakhale ka m'bulu kamodzi."

"Pomwe galimoto inali poteropo, injini ikulira," anayankha wogulitsa mankhwala, amene anangodzera pakhomo.

"Mipando yanga ndi yansalu, akulu."

"Vuto ndi maphunziro," anatero mphunzitsi wamkulu, amene anabwera kudzakonzetsa ndevu. "Anthu athu sadziwa chithandizo choyamba. Ine ndimachidziwa, ndili ndi satifiketi. Koma pamafunika magolovesi."

Onse anatembenukira kwa a Lumo, poti mlandu uliwonse m'shopumo ankagamula ndi iwo. Ndipo lilime, likazolowera, silifunsa mwini wake. A Lumo anadzimva akulankhula.

"Abale, tinachita manyazi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ife tinamusiya aume tikuona. Kale munthu akagwa ankadzutsidwa ndi aliyense. Lero timafuna tione kaye chiphaso."

"Mwalasa, a Lumo!" anatero a pabenchi. "Inu ndiye mumanena chilungamo."

A Lumo anapitiriza kumeta. Makina anawaterereka pang'ono, n'kusiya kanjira m'ndevu za aphunzitsi, koma anakakonza mwaluso mwini wake asanaone.

Kunyumba chikwama chinabwerera pamwamba pa kabati, ndipo chinakhala ngati munthu wachinayi m'banjamo. Timafoni tamabatani sitifa msanga. Kanalira m'mawa anthu akusamba, kanalira masana, kanaliranso dzuwa likupendeka. Kakayamba, alamu ankatuluka kukaona nyengo. Mkazi wa a Lumo ankakweza nyimbo kukhitchini. Tsiku lililonse ankalonjeza kuti mawa achitenga yekha chikwamacho, poti m'nyumba muno amuna mulibe, ndipo mawa lililonse linkabwera ndi zake. Lachiwiri kunafika belo la kaunjika loti akasankhe zovala za pabenchi pake. Lachitatu mwendo unamuwawa. Lachinayi anati kuchipatala amafunsa mafunso ambiri, ndipo munthu wamkazi angakapezeke wanena zimene sanafunsidwe.

"Bwanji tingoimba nambala ili pakakhadiyo?" anatero a Lumo Lachisanu. "Osatchula dzina. Tingoti mwamuna wanu ali chipatala chakuti, basi, n'kudula."

"Ndi foni ya yani?" anafunsa alamu. "Masiku ano nambala ndi phazi, amaitsata mpaka pakhomo. Akakufunsani kuti nambala ya mayiyu munaitenga kuti, muyankha chiyani? Pakakhadi. Kakhadi munakapeza kuti? M'chikwama. Chikwama chinafika bwanji kwanu? Alamu, khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Ine ndikanakhala inu, ndikanachiponya m'chimbudzi chokumba."

"Ine si wakuba."

"Sitikukana. Koma katundu wa mwini ali pakabati panu sabata yathunthu. Wakuba weniweni bwenzi atagulitsa kale n'kupeza mtendere."

Lamlungu kafoni kanalira kamodzi, mofooka, n'kuzima. Tsiku limenelo onse atatu anadya bwino. A Lumo okha ndi amene anasowa tulo usiku umenewo, poganiza kuti kwinakwake kuli mayi amene tsopano akungomva kuti nambala imene mwaimbayi siikupezeka.

Nzeru inabwera ndi alamu. "Chikwama chopanda kakhadi ndi chifundo," anatero. "Chikwama chokhala ndi kakhadi ndi mlandu. Chotsani kakhadi, mukapereke chikwama kuchipatala, muzikati munasunga. Akuthokozani."

A Lumo anakachotsa. Anafuna kukang'amba, koma pulasitiki inali yolimba, komanso zilembo zija zinali ngati zikuwayang'ana. Anakaika m'thumba la pachifuwa la gawuni yawo yoyera yometera, ati akataya mawa. Mkazi wawo anaona zonsezi ali pakhomo la kuchipinda.

"Zengerezu analinda kwawukwawu," anatero. Koma anatero motsitsa, poti mwambiwo unkamukhudza iyenso.

Lachitatu a Lumo anatseka shopu masana, n'kukulunga chikwama m'thumba la pulasitiki, ulendo kuchipatala. Analowa ndi gulu la odzazonda odwala, ena atanyamula mabasiketi, ena mafulasiki. Wodi ya amuna inali yaitali, ndipo bedi lililonse linali ndi anthu ake, wina akupukuta wodwala pakamwa, wina akumukakamiza phala. Bedi la kumapeto, pafupi ndi zenera, linalibe wodzazonda aliyense.

A Lumo anamuzindikira wodwalayo ndi imvi. Munthuyo anali ataphwa, chubu chili m'mphuno, maso otseka. A Lumo, poti ntchito siisiya mwini wake, anayamba kuona ndevu. Zinali za masiku khumi ndi awiri, zomera mosalongosoka pankhope ya munthu amene ankaoneka kuti amameta m'mawa uliwonse. Zikanangofuna mphindi zisanu ndi madzi ofunda.

"Mwafika! Ndinu achibale?"

Anali namwino, mayi wonenepa wa maso otopa, ndipo nkhope yake inawala moti a Lumo anachita mantha.

"Takhala tikudikira. Bambowa anabwera shuga atatsikiratu, ndipo anachedwa nawo kwambiri. Akanangowapatsa kanthu kotsekemera asanakomoke, bwenzi atapita kwawo ndi miyendo yawo. Nthawi zina amatsegula maso, n'kumayang'ana kukhomoko, aliyense wolowa amamutsata ndi maso. Pali amene akumudikira. Koma kunena zoona masiku awo si ambiri. Apolisi anabwera kawiri, akuti akufuna aliyense amene analipo. Inu ndinu ndani wawo?"

Thumba la pulasitiki linalira m'manja mwa a Lumo. Mawu akuti apolisi anawalowa ngati madzi ozizira m'khosi mwa malaya.

"Ayi, ine ndasochera," anatero. "Ndimafuna wodi ya a mafupa."

Namwino anawayang'ana, kuwala kuja n'kuzima. "Tulukani, mukhotere kumanja."

Anakhotera kumanja, n'kukhoteranso kumanja, mpaka anapezeka pageti. Chikwama sanapite nacho kunyumba, poopa pakamwa pa mkazi wawo. Anachibwezera pansi pa kauntala pomwe chinayambira, ndipo madzulo anauza a m'nyumba kuti anapeza nthawi yoona odwala itatha. Mkazi wawo sanafunse zambiri. Munthu amene sakufuna kutumidwa safunsa ngati uthenga unafika.

Masiku anapita. A Lumo anaonda pang'ono, ndipo makasitomala anayamba kudandaula kuti shopu yazizira, nkhani zatha. Tsiku lililonse ankati Loweruka apitanso. Loweruka ndi tsiku la mitu yambiri.

Lachinayi la sabata yachitatu, masana, pakhomo pa shopu panaima mayi wovala zakuda. Anali wamfupi, wowonda, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi la ulendo. M'manja anali ndi foni. Alamu anali pabenchi monga mwa masiku onse, ndipo mkazi wa a Lumo anali atangofika ndi chakudya cha mwamuna wake m'kontena.

"Odi. Ndikufuna bambo ometa, ovala gawuni yoyera."

"Ndine," anatero a Lumo.

Mayiyo anawaonetsa foni. Inali vidiyo imene wina anajambula tsiku lija. Inayenda m'mafoni masabata oposa awiri, anthu akuseka mutu wa aphunzitsi, mpaka inafika kwa mphwake wa mayiyu, amene anazindikira jekete. Munali bwalo lonse lija, nkhope iliyonse yooneka bwino. Ndipo munali a Lumo akutuluka, akuwerama, akutola chikwama.

Alamu anadzuka mwakachetechete, koma pakhomo panali patadzaza kale. Wa takisi, wogulitsa mankhwala, mayi wa nthochi, onse anali atamva kuti kwabwera mkazi wa munthu uja, ndipo zoonerera zaulere msewu umenewu sunkaziphonya.

"Mwamuna wanga ankapita kukaona mdzukulu," anatero mayiyo. "Pano amangosintha basi. Ine ndinafunafuna kumene amapita, osadziwa kuti anathera panjira. Vidiyoyi ndinaiona Lamlungu madzulo. Lolemba m'mawa ndinafika kuchipatala, n'kupeza bedi layalidwa kale. Anatisiya Lamlungu lomwelo. Tinaika dzulo."

Anthu anang'ung'udza mwachisoni. Mayi wa nthochi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. A Lumo anagwira mpando wometera, akudikira mawu akuti wakuba.

Koma mayiyo anagwada. Anagwada pasimenti, patsitsi la anthu limene linali lisanasesedwe.

"Vidiyoyi ndaionera kosawerengeka, bambo. Ndinkafuna ndione ngati pali mmodzi amene anamuyandikira. Anthu onsewa anaima chilili. Amene anawerama ndinu nokha. Ndinadziuza kuti bambo awa anasunga katundu wake kuti asabedwe, ndipo sindingabwerere kwathu osakawathokoza."

"Ndi munthu wabwino ameneyu," anatero wa takisi msanga. "Ifenso timanena."

"Tsiku lomwelo anatidzudzula tonse," anawonjezera wogulitsa mankhwala.

A Lumo anamva mpweya ukubwerera m'chifuwa. Anamudzutsa mayiyo, n'kumukhazika pampando wa makasitomala, n'kutulutsa chikwama pansi pa kauntala. Lilime nalo linayamba kutsitsimuka.

"Ndinachisunga ngati changa, mayi. Ndinafika nacho mpaka kuchipatala, koma mukudziwa mmene amavutira a kumeneko. Onani ngati zonse zilimo."

Mayiyo anatulutsa chimodzichimodzi n'kumaika pamiyendo. Malaya anawanunkhiza. Tinsapato anatigwira nthawi yaitali.

"Zonse zilimo," anatero. "Ngakhale switi imodzi simunadyeko. Mulungu akudalitseni."

Kenako anapisanso dzanja. Anafufuza m'kathumba ka m'mbali. Anatembenuza chikwama n'kuchikutumula, koma munangogwa fumbi. Nkhope yake inasintha.

"Munalibe kakhadi? Kokutidwa ndi pulasitiki?"

A Lumo anayang'ana alamu. Alamu anali akuwerenga mitengo ya kametedwe pakhoma ngati aiona koyamba.

"Zimene zilimozo ndi zomwezo, mayi," anatero a Lumo.

Mayiyo anagwira pakamwa. Analankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Chikwama chake cha masiku onse chinaduka lamba m'mawa umenewo. Ndine ndinasamutsa katundu. Ndinaika malaya, ndinaika chakumwa, maswiti... Zaka zisanu ndi zinayi sanatulukepo pakhomo opanda kakhadi kaja. Ndinakalemba ndekha. Ndiye kuti ndinakasiya m'chikwama chakale." Mawu anayamba kukwera. "Mwana wanga anandifunsa kumanda, amayi, kakhadi munawaikira? Ine ndinati ndinaika. Ndinalumbira. Mayo ine, anthu akanawerenga! Akanadziwa kuti sanaledzere! Akanandiimbira! Ndamupha ndine, mwamuna wanga ndamupha ndine!"

Anatsetsereka pampando n'kugwera pansi, akudziguguda pachifuwa, tinsapato tili m'manja. Anthu a pakhomo anafutukuka pang'ono kuti aliyense aone bwino. Wina anakweza foni.

Kakhadi kanali m'thumba la pachifuwa, ndipo a Lumo ankakamva ngati khala la moto. Ankadziwa kuti mayiyu akakwera basi chonchi, adzasenza mtembo umenewu mpaka tsiku lake lomwe. Ankadziwanso kuti akatulutsa kakhadi, dzina limene analimanga zaka makumi awiri mumsewu umenewu lithera pomwepo, anthu onsewa akuona. Dzanja linakwera mpaka pabatani lachiwiri la gawuni, n'kuima. Linakonza kolala.

"Limbani mtima, mayi," anatero. "Zonse amadziwa ndi Mulungu."

Kontena ya chakudya inagunda pakauntala. Mkazi wawo anadutsa pakati pa shopu osayang'ana munthu, n'kupisa dzanja m'thumba la mwamuna wake monga ankachitira tsiku lochapa. Anagwada pafupi ndi mayi uja, kakhadi kali m'manja.

"Munaika, amayi. Nakano. Kanali m'chikwama, ndipo tinakachotsa ndife. Ine ndemwe ndinaliona dzina lanu likuwala pafoni, n'kubisa manja."

Kulira kunaleka. Mayiyo analandira kakhadi ndi manja awiri, n'kukatembenuza, n'kupukuta pulasitiki ndi chala. Anadzuka yekha, osagwira dzanja limene a Lumo anatambasula.

"Munakawerenga liti, bambo?"

"Lolemba," anatero a Lumo. "Patatha masiku atatu. Tsiku lenilenilo sindinatsegule, mayi, ndikulumbira. Ndinali ndi kasitomala pampando. Ndikanadziwa..."

"Lolemba lake liti? Loyamba lija?"

A Lumo anagwedeza mutu movomera.

"Anakhala moyo masabata ena awiri. Anamwino akuti ankayang'ana kukhomo." Mayiyo anaika chala pansi pa kakhadi. "Nambala yanga ndi iyi. Ndinalemba zilembo zazikulu dala, kuti ngakhale wa maso ofooka aone."

Lilime limene linagamula milandu ya dziko lonse linali gwa, ngati chikopa chouma.

Mayiyo analongedza malaya, tinsapato, botolo ndi maswiti. Kakhadi sanakaike m'chikwama, anakalowetsa pachifuwa pake. Atatseka zipi yothothoka ija, ananyamula chikwamacho ndi zala ziwiri, n'kuchikweza pang'ono ngati akuchiyesa pasikelo.

"N'chopepukadi," anatero. "Koma mwamuna wanganso sanali wolemera, bambo. Akagwa kunyumba ndinkamunyamula ndekha."